OraQuick, kachipangizo kodziyeza wekha HIV: kamachotsa manyazi koma mantha amatsala

Chimene chimabweza anthu ambiri pakhomo la chipinda choyezera magazi ndi benchi ya panja paja, pomwe munthu amakhala pamzere akudziwa kuti mnansi amene wabwera kudzalandira mankhwala a malungo wamuona kale, ndipo nkhani ikafika kumudzi iye asanabwerere. Kachipangizo ka OraQuick, kopangidwa ndi kampani ya OraSure ya ku America, kamathetsa vuto limeneli, chifukwa munthu amadziyeza m'chipinda mwake popanda singano kapena dontho la magazi. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ndi mayiko amene anayamba kukagawa kwa anthu ambiri kudzera mu ntchito ya STAR yomwe inayamba mu 2015, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza njira yodziyeza wekhayi mu 2016.

M'paketi muli kandodo kapulasitiki kansonga yofewa, kabotolo kamadzi, choimikapo kabotoloko ndi pepala la malangizo lokhala ndi zithunzi. Munthu amayamba wakhala mphindi 15 osadya kapena kumwa kanthu, kenako amayendetsa nsongayo kamodzi pa nkhama za m'mwamba ndi kamodzi pa za m'munsi, n'kuiviika m'kabotolo. Kabotoloka kamafuna kutsekula modekha, pakuti madzi ake ndi ochepa ndipo manja a munthu wamantha sachedwa kuwataya. Kupatula pamenepo, kagwiritsidwe ntchito kake n'kosavuta ngakhale kwa amene sadziwa kuwerenga bwino.

Povuta ndi pa mphindi 20 zodikira zotsatira. Kuchipatala nthawi imeneyi amaidzaza ndi mawu a mlangizi, koma kunyumba munthu amakhala yekha ndi wotchi ya pa foni, akuyang'ana kawindo kokhala ndi zilembo C ndi T. Mzere umodzi pa C ukutanthauza kuti sipanaoneke chizindikiro cha kachirombo. Mizere iwiri, ngakhale wachiwiriwo utakhala wosaoneka bwino, ikutanthauza kuti munthuyo apite kuchipatala akamuyezenso magazi kuti atsimikize, ndipo zikadutsa mphindi 40 zotsatirazo siziyenera kukhulupiriridwa. Apa m'pamene ndikuona malire a kachipangizoka. Kamathandiza munthu kulambalala benchi ija ulendo woyamba, koma amene waona mizere iwiri ayenerabe kulimba mtima n'kukakhala pa benchi yomweyo, tsopano atanyamula nkhani yolemera, ndipo palibe amene angamukumbutse ngati wasankha kuponya kandodoko m'chimbudzi n'kukhala chete. Komatu mankhwala a ma ARV akhala aulere m'zipatala za boma ku Malawi kuyambira 2004, ndipo masiku ano munthu amayamba kumwa akangomupeza ndi kachirombo.

Pali zinthu ziwiri zimene wogawa aliyense ayenera kufotokoza momveka. Kachipangizoka sikafufuza kachirombo m'malovu, monga ena amaganizira n'kuyamba kuopa kumwera kapu imodzi ndi anzawo. Kamafufuza asilikali amene thupi limapanga polimbana nako, ndipo asilikaliwo amatha kutenga miyezi itatu kuti aoneke. Chachiwiri, munthu amene akumwa kale ma ARV asakagwiritse ntchito, chifukwa kakhoza kuonetsa mzere umodzi iye n'kuganiza kuti wachira.

Amene amandichititsa chidwi kwambiri ndi amayi oyembekezera omwe amapatsidwa kachipangizoka ku sikelo kuti akapatse amuna awo. Kutulutsa paketi imeneyi m'chikwama bambo atangotha kudya, podziwa kuti akhoza kufunsa kuti "Ukundiganizira chiyani?", kumafuna mtima wolimba kuposa kudziyeza kwenikweniko. Kwa abambo amene amati kuchipatala n'kwa amayi ndi ana, ndiponso kwa achinyamata oopa kuonedwa, ndikukayamikira kachipangizoka ndi mtima wonse, malinga ngati asanatsekule paketi asankhiratu munthu mmodzi amene angamuuze zotsatira ndi chipatala chimene angapiteko mawa lake.