Achithandizo choyamba pa mpira wa atsikana: ndemanga pa gulu lomwe tinalilemba ganyu

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Chikwawa, ndipo kwa zaka zingapo tsopano ndakhala matironi wa timu ya atsikana ya mpira wa miyendo. Chaka chilichonse timakumana kawiri ndi sukulu ina ya kumunsi kwathu, cha ku Ngabu, ndipo aliyense wa kuno akudziwa kuti masewera amenewa saonedwa ngati a ana asukulu chabe. Anyamata a kabaza amaimika njinga zawo, amayi ogulitsa zitumbuwa ndi thobwa amasamukira kubwalo, ndipo timu yogonja imanyozedwa pamsika mpaka teremu kutha. M'zaka zapitazi mtsikana akagwa, chithandizo chake chinali kumuthira madzi pamutu, kumukoka mwendo ndi kumuuza kuti alimbe mtima. Chaka chino makomiti a makolo ndi aphunzitsi a sukulu zonse ziwiri anagwirizana zolemba ganyu gulu lina la achithandizo choyamba lochokera ku Nchalo, ndipo ndikulemba kuti aphunzitsi anzanga a m'chigwa cha Shire, kuyambira ku Thabwa mpaka ku Marka, adziwe chimene ndalama yathu inagula.

Anabwera anthu atatu: mayi wachikulire amene anagwirapo ntchito ya unamwino, yemwe ndiye mtsogoleri, ndi anyamata awiri ophunzitsidwa chithandizo choyamba. Tinawalipira K90,000 pa tsiku lonse, sukulu iliyonse theka. M'chikwama mwawo munali mabandeji, thonje, pulasitala, magolovesi, mankhwala otsukira zilonda ndi mapaketi a Thanzi, ndipo pambali ananyamula bokosi la madzi oundana ndi zigubu ziwiri za madzi akumwa. Machira analibe, galimoto analibenso.

Ntchito yawo inayamba mpira usanayambe, ndipo zimenezi sindinaziyembekezere. Bwalo limene tinasewerapo ndi la dothi la makande, lomwe m'mwezi wa Okutobala limauma gwa n'kung'ambika ming'alu yoti phazi la mwana n'kulowamo, ndipo mkati mwa sabata pamadutsa ng'ombe popita kumadzi. Anyamata awiri aja anayenda bwalo lonse kuchokera kugolo mpaka kugolo akutola minga ndi miyala, n'kupempha ophunzira kuti akwirire ming'alu ikuluikulu ndi mchenga. Mayi mtsogoleri anaimika atsikana a matimu onse pamzere, anawavula ndolo ndi mikanda, kenaka anagwira msongolo wa aliyense. Malamulo a mpira amafuna kuti wosewera aliyense avale zotchinga msongolo, koma mwa atsikana athu angapo anali atangolowetsa zidutswa za makatoni m'masokosi, ndipo mayiyo sanawakalipire, anangondiitana pambali n'kundiuza kuti ndalama ya zotchinga zimenezi ndi yochepa poyerekeza ndi ya kuchipatala fupa likathyoka. Anakambirananso ndi woyimbira kuti mpira uchoke 1 koloko upite hafu pasiti 3, komanso kuti m'chigawo chilichonse mukhale kupuma koti osewera amwe madzi ndi kuziziritsa thupi, kumene malamulo amalola kuti kutenge masekondi 90 mpaka mphindi 3. Kwa ife a kuno, kumene dzuwa la Okutobala ndi Novembala limafika ndi kupyola madigiri 40, chimenechi chinayenera kukhala chizolowezi kalekale, koma panafunika mlendo kuti atikumbutse.

Anatsogoleranso matimu onse awiri pamodzi pa masewera otenthetsa thupi a ndondomeko ya FIFA 11+, yomwe imatenga mphindi pafupifupi 20 ndipo siifuna chipangizo china koposa mpira ndi malo. Ndondomekoyi imaphunzitsa wosewera kuima ndi mwendo umodzi, kudumpha n'kutera bondo litapindika bwino osagwera mkati, ndiponso kutembenuka mosapotoza bondo. Kafukufuku wa ku Norway wofalitsidwa mu 2008, amene anachitika pa atsikana osewera mpira a msinkhu wa ana athu omwewa, anapeza kuti kuvulala kunatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu m'matimu omwe ankaitsata. Mayi uja anafotokozera atsikanawo, mopanda kuwaopseza, kuti mtsempha wa mkati mwa bondo umene madokotala amautcha ACL umaduka kawirikawiri mwa akazi kusiyana ndi mwa amuna, ndipo nthawi zambiri umaduka popanda wina kukugunda, pongotera molakwika kapena kutembenuka phazi litakakamira pansi.

Anzathu a ku Ngabuwo ali ndi mtsikana wa Folomu 3 wovala nambala 9, amene masapota awo amangomutchula kuti Temwa. Dzinali ndi lolemera kwa atsikana a kuno, pakuti onse akudziwa kuti Temwa Chawinga ndiye anamwetsa zigoli zambiri pamene Scorchers inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia 2-1, ndi kuti mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America akusewerera Kansas City Current. Mwana wotchedwa dzina limenelo amasewera akudziwa kuti mpira ungamufikitse patali. Tsono mpira usanayambe ndinamva ndi makutu anga mphunzitsi wa timu yathu, mnzanga wa muofesi imodzi, akuuza otchinga kumbuyo kuti, "Nambala 9 uyo asakudutseni, mpira ukadutsa, mwini wake atsale." Mawu otere timawamva kawirikawiri m'mabwalo mwathu ndipo tinawazolowera, koma mwana wa zaka 16 samawamva ngati nthabwala, amawamva ngati lamulo la mphunzitsi wake.

Chigawo choyamba chili pafupi kutha, wotchinga kumbuyo wathu anamulowerera mtsikana uja cham'mbali mpira utapita kale, phazi la mtsikanayo litaponda pamng'alu wina womwe sunakwiriridwe, ndipo bondo linapotoka. Woyimbira anatulutsa khadi lachikasu, masapota athu ena n'kuyamba kuimba nyimbo yonyoza pamene mwana wa eni ake ali gone pansi akulira. Apa ndi pamene ndinaona phindu la anthu omwe tinawalemba. Bambo wina wa kuchimuna kwa mtsikanayo anali atagwira kale kakolo kuti akoke mwendo, monga timachitira tikamaganiza kuti fupa laguluka, koma mayi mtsogoleri anagwada pambali pake n'kuika dzanja lake pamwamba pa dzanja la bamboyo, nati, "Bambo, tausiyani mwendowu m'manja mwanga, inu mugwire mutu wa mwana wanu kuti asaope." Bamboyo anamvera popanda kuchita manyazi pagulu, chifukwa anapatsidwa ntchito ina. Anakulunga madzi oundana m'kansalu n'kuika pabondo, analimanga ndi bandeji, n'kukweza mwendo pamwamba pa chikwama, ndipo anawauza achibale momveka bwino kuti asakalithowe ndi madzi otentha kapena kulisisita m'masiku awiri kapena atatu oyamba, chifukwa kutentha kumawonjezera kutupa. Mtsikana wathu amene anamugwetsa uja anabwera yekha, misozi ili m'maso, n'kuima ndi chitenje changa atachitambasula kuti mnzakeyo akhale pamthunzi, ndipo sanachoke mpaka woyimbira atamuitana. Nyimbo ija inazilala yokha anthu ataona zimenezo.

Koma panthawi yomweyi ndi pamene kufooka kwakukulu kwa gululi kunaonekera. Popeza analibe machira, mtsikanayo ananyamulidwa pa chitseko chakale cha kalasi, ndipo popeza analibe galimoto, njira yokhayo yomwe inalipo inali njinga yamoto, imene mayi uja anaikana, ndipo anachita bwino kuikana chifukwa bondo lotere silingalendewere pamsewu wa mabampu. Tinadikira mphindi zoposa 40 mpaka kholo lina litapeza kagalimoto ka wamalonda wina kuti kamutengere kuchipatala. Gulu lolandira ndalama pa ntchito imeneyi liyenera kufika litapangana kale ndi mwini galimoto amene akhale pabwalo kapena pafupi, ngakhale mtengo utakwera pang'ono, chifukwa tikanakhala ndi mwana wothyoka khosi kapena wokomoka ndi kutentha, mphindi 40 zimenezo zikanatipweteka koopsa.

Chimene chinandichititsa kulemba ndemanga iyi chinachitika m'chigawo chachiwiri, zigoli zili 1-1. Pa mpira wa pakona kaputeni wathu anaombana mitu ndi wosewera wa anzathu. Winayo anadzuka bwinobwino, koma wathu anadzuka dzandidzandi, anayenda masitepe angapo molunjika kolakwika, kenaka anakweza dzanja kusonyeza kuti ali bwino. Mayi uja anamutengera kunja kwa mzere, anamukhazika pansi n'kumuyang'ana m'maso.

"Mwanangu, tili pabwalo la sukulu iti?" Mtsikanayo anayankha molondola.

"Nanga chigoli chomaliza wamwetsa ndani?" Anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anafunsa kuti, "Kodi tagoletsa?"

Mphunzitsi wa timu yathu anafika akuthamanga, nati, "Mayi, mwanayo sanakomoke, ingomuthirani madzi abwerere, tatsala ndi mphindi zochepa." Mayiyo sanakweze mawu. Anati, "Aphunzitsi, mwana uyu lero sabwereranso m'bwalo. Ngati mukufuna kumulowetsa, muyambe mwakawauza mayi ake, omwe aima pansi pa mtengo wa nimu uwo, kuti mukumulowetsa asakukumbukira chigoli cha timu yake." Mnzangayo anapsa mtima, ananena kuti gululi lagulidwa ndi sukulu inayo, ndipo anakalipira woyimbira mpaka anaonetsedwa khadi lachikasu, pakuti kuyambira 2019 malamulo amalola kuti aphunzitsi a matimu nawonso azionetsedwa makhadi. Ndivomere kuti nanenso mumtima mwanga ndinkafuna kaputeni wathu abwerere, chifukwa ndinkadziwa kuti popanda iye kumbuyo kwathu kutseguka, ndipo kunatsegukadi, tinagonja 2-1.

Mayiyo sanalakwitse. Ubongo umatha kugwedezeka munthu osakomoka n'komwe, ndipo ambiri ovulala motere sakomoka. Zizindikiro zake ndi chizungulire, kusokonezeka, kuiwala, mutu kupweteka ndi mseru, ndipo zina zimadza patapita maola. Kugundidwanso m'mutu ubongo usanachire n'koopsa kwambiri, makamaka kwa ana ndi achinyamata. N'chifukwa chake mu 2024 opanga malamulo a mpira analoleza kuti mipikisano izitha kupereka mwayi wapadera wosintha wosewera amene akuganiziridwa kuti wavulala m'mutu, ndipo chaka chomwecho FIFA ndi bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO anayamba limodzi ntchito yodziwitsa anthu kuti wosewera wokayikitsa azitulutsidwa nthawi yomweyo. Asanachoke, mtsogoleri uja anawafotokozera mayi a mtsikanayo kuti asamusiye yekha usiku umenewo, ndipo akayamba kusanza, kuodzera modabwitsa kapena mutu ukakula, athamangire naye kuchipatala. Cha m'ma 8 koloko usiku anasanzadi kawiri, makolo ake sanazengereze, ndipo achipatala anamuuza kuti apume osasewera mpaka zizindikiro zonse zitatheratu. Ndikaganiza kuti chaka chatha mwana yemweyu tikanamuthira madzi n'kumubwezera kukadumphira mipira ya m'mwamba, thupi limandizizira.

Kwa ine, apa ndi pamene panagona mtengo weniweni wa gululi. Mabandeji ndi madzi oundana sukulu iliyonse ingathe kugula yokha, koma munthu woima pamzere amene sakufuna kupambana, amene sadzakumana ndi mphunzitsi wa timu muofesi Lolemba m'mawa, ndipo angathe kumukaniza pamaso pa gulu, ameneyo pasukulu sitingamupeze. Ine matironi sindinathe kumudzudzula mnzanga atanena mawu aja mpira usanayambe, ngakhale ndinawamva, ndipo chimenechi chikundiwawabe.

Zofooka zina n'zazing'ono koma ziyenera kukonzedwa. Madzi oundana anali atasungunuka chigawo chachiwiri chisanafike pakati, chifukwa bokosi linali limodzi ndipo linkatsegulidwa pafupipafupi. Sanalembe kalata iliyonse yoti makolo apite nayo kuchipatala yofotokoza nthawi imene mwana wavulala ndi chithandizo chimene walandira, moti bambo a mtsikana wa bondo uja anakafotokoza okha zimene anakumbukira. Anyamata awiri aja ndi achangu ndi aulemu, koma pa masewera a atsikana pamafunika mayi wachiwiri, pakuti mtsogoleriyo atatanganidwa, mtsikana wina amene anagundidwa pachifuwa anakana kuonedwa ndi mwamuna ndipo anadikira nthawi yaitali. Ndiponso mphamvu yawo yotulutsa wosewera sinalembedwe paliponse. Tsiku limenelo inagwira ntchito chifukwa cha kulimba mtima kwa mayi mmodzi, ndipo pakanakhala munthu wamantha, mphunzitsi akanapambana mkanganowo.

Sukulu iliyonse ya m'chigwa chino imene ingakwanitse, ndikuilimbikitsa kulemba gululi kapena lina lofanana nalo, bola zinthu zina zikhale zitamangidwa pasadakhale. Ife pokonzekera masewera obwereza tawalembera kale kuti adzabwere ndi machira, mabokosi awiri a madzi oundana, mayi wina wothandiza ndi galimoto yopanganiratu, ndipo tavomera kuwonjezera ndalama. Aphunzitsi aakulu a sukulu zonse ziwiri asainirana kuti mawu a achithandizo choyamba pa wosewera wovulala ndi omaliza, ndipo mphunzitsi wa timu amene adzamveke akutuma ana kuti avulaze mnzawo sadzakhalanso pamzere. Kaputeni wathu wayambiranso kuthamanga pang'onopang'ono. Mtsikana wa nambala 9 anatumizidwa ku Queens ku Blantyre kuti akamuone bwino bondolo, ndipo akuyendabe ndi ndodo. Loweruka lapitali atsikana athu anayi, pamodzi ndi amene anamugwetsa uja, anasonkherana ndalama ya kabaza n'kupita kwawo kukamuzonda.