Blue Lines ndi Dummy: Ana a Mzinda Umodzi, Mitima Yosiyana

Zimbale ziwirizi zidabadwira mumzinda wa Bristol ku England, koma mtima wake ndi wosiyana. Cha gulu la Massive Attack, Blue Lines, chidatuluka mu 1991 ndipo n'cha chigulu: Horace Andy wa ku Jamaica ndi mawu ake a reggae, Tricky akuchita rap monong'ona, Shara Nelson akukweza mawu mu "Unfinished Sympathy". Chidachepetsa liwiro la hip-hop n'kulambula njira.

Cha gulu la Portishead, Dummy, cha mu 1994, n'cha munthu amene tulo tamuthawa. Geoff Barrow, yemwe ankathandizira mu situdiyo pamene Blue Lines inkajambulidwa, ankati akajambula zoyimba za gulu lake, n'kuziika pa mbale za galamafoni, kenaka n'kuzikanda dala kuti zizimveka zakalekale. Pamwamba pa kuthetheka kumeneko pamabwera Beth Gibbons, kuyimba ngati wolandidwa kanthu. Mu 1995 chimbalechi chidapata Mercury Prize, mphoto ya chimbale chopambana pa chaka ku UK ndi Ireland.

Otengera ambiri adathamangira Dummy, poti ng'oma yaulesi ndi mawu achisoni a mkazi n'zosavuta kubera. Ambiri adangotola chikopa, nyama n'kuisiya. Blue Lines njovuta kuitengera. Ine ndikafuna kuyesa masipika atsopano, ndimaika "Safe from Harm" ya mu Blue Lines, besi ija igwedeze mawindo.