Kiyibodi yogawika pakati: mmene yakhalira patatha miyezi 8 ku Dedza

Kiyibodi yomwe tikunena pano ndi ija ya zidutswa ziwiri zolumikizidwa ndi kachingwe pakati, yolowetsa pa USB, yopanda mabatani a manambala a kumbali. Yagwira ntchito kuyambira Marichi mpaka Okutobala pamalo otayipira makalata, ma CV ndi malipoti pa Dedza boma. Makiyibodi a mabatani ogawika pakati si achilendo, Microsoft inatulutsa Natural Keyboard mu 1994, koma kuno n'ngosowabe, moti wolowa aliyense amayamba wafunsa ngati yathyoka.

Masabata awiri oyamba amatopetsa. Ambiri amene anaphunzira okha kutayipa amamenya B ndi dzanja lamanja. Apa B ili kumanzere limodzi ndi T, G ndi 6, pomwe Y, H ndi N zili kumanja. Chichewa sichichedwa kukuyalutsani: bambo, mbewu, mbuzi, chala chimangokagogoda tebulo. Mawu oti ng'ombe amawoloka mpata katatu: N kumanja, G kumanzere, kubwerera kumanja mpaka pa M, n'kumalizira B ndi E kumanzere. Liwiro limatsika kaye, ndipo limabwerera m'sabata yachitatu kapena yachinayi ngati simukuthawira ku kiyibodi yakale ntchito ikachuluka. Kuthawako ndiye kumachedwetsa.

Phindu lake lonse lagona pa kayikidwe. Pa kiyibodi wamba manja amathithikana pakati, mikono n'kupindikira kunja polumikizira dzanja. Zidutswa zikatalikirana, mkono ndi dzanja zimakhala mzere umodzi ndipo mapewa amamasuka. Musayambe ndi mpata waukulu. Yambani ndi masentimita 5, muziwonjezera pang'ono sabata iliyonse mpaka mufike mulifupi mwa mapewa anu kapena pomwe kachingwe kathera. Mukapeza malo ake, matani tepi pa tebulo kuzungulira ngodya, chifukwa wosesa akasuntha mudzataya m'mawa wonse mukufunafuna. Mbali zam'kati zikwezeni pang'ono, madigiri 5 mpaka 10, zioneke ngati denga. Ngati yanu ilibe timiyendo totero, kope lopyapyala pansi pa mbali iliyonse likwanira. Mausi ikani pakati pa zidutswazo, phewa lamanja lisamatambasuke.

Matebulo ambiri a akalipentala athu amatalika masentimita 75 kapena kuposa, n'ngodyera osati otayipira. Kiyibodi yokwezedwa pa tebulo lotere imakweza mapewa, ululu n'kuchoka m'manja kupita m'khosi. Kwezani mpando mpaka chigongono chifanane ndi mabatani, mapazi muwapondetse pa kathabwa.

Zovuta zaoneka zitatu. Pa tebulo la vanishi zidutswa zimaterera pang'onopang'ono, makamaka timphira ta pansi tikadya fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala. Kachidutswa ka chubu cha njinga pansi pake kamathetsa nkhaniyo. Fumbi lomwelo limalimbitsa mabatani aatali ngati Shift ndi Enter, choncho muziitembenuza n'kuigwedeza sabata iliyonse, kupukuta ndi kaburashi kouma, n'kuifunditsa nsalu poweruka. Madzi ayi. Chachitatu ndi batani la Fn, lomwe pa mitundu ina limasandutsa J, K ndi L kukhala 1, 2, 3. Mukaona manambala m'malo mwa zilembo musathamangire kwa okonza, limenyeninso basi. Kachingwe ka pakati musakapinde kapena kunyamulira kiyibodi pamenepo, kakaduka m'kati mbali imodzi imafa yonse.

Wolemba manambala tsiku lonse mu Excel adzadandaula, ameneyo agule kachidutswa ka manambala padera. Wofuna ŵ wa mu Malaŵi alembe U+0175 mu Word kenako Alt ndi X pamodzi.

Kodi ndalama yake ikubwerera? Kwa wotayipa maola anayi kapena kuposa patsiku, inde, kulemera kwa mapewa madzulo kumachepa moonekeratu. Kwa wolemba kalata imodzi pa sabata n'kuwononga. Koma kuzizira kwa Dedza mu Juni ndi Julayi kumaumitsabe zala ngakhale pa kiyibodi iyi, ndipo kupumira mphindi zingapo pa ola lililonse kukufunikabe. Ngati chala chachikulu, cholozera ndi chapakati zikuchita dzanzi mpaka kukudzutsani usiku, umenewo ungakhale mtsempha wopanikizika polumikizira dzanja, pitani kuchipatala akakuoneni.