Cambridge Dictionary ya pa intaneti: kodi imathandiza pa mawu a nkhani yolera ana?

Amene akuwerenga mapepala a Chingerezi okhudza kutenga mwana kuti akhale wake mwalamulo amakumana ndi mawu ofanana maonekedwe koma osiyana ntchito. Pamenepa mtanthauzira mawu waulereyu amagwiradi ntchito.

Yambani ndi adopt. Tsamba lake limasiyanitsa tanthauzo lotenga mwana ndi lina loyamba kutsatira njira kapena mfundo, ndipo lililonse lili ndi ziganizo zachitsanzo. Kenako fufuzani adopted ndi adoptive paokhapaokha, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Mwana ndiye adopted. Makolo amene amutenga ndi adoptive parents. Mukasinthanitsa pa fomu, chiganizo chimamveka ngati makolowo ndi amene anatengedwa. Womubereka amatchedwa birth mother kapena biological mother, pamene stepfather ndi bambo womupeza, amene sakhala kholo mwalamulo chifukwa chongokwatira mayi a mwana.

Mawu a foster nawonso afotokozedwa bwino: kulera mwana kwa kanthawi popanda kukhala kholo lake mwalamulo. Kusiyana kwake n'kwakukulu, pakuti adoption imasamutsa udindo wa ukholo mpaka kalekale.

Pali mabatani awiri omvetsera katchulidwe, ka ku Britain ndi ka ku America, ndipo pansi pa tanthauzo pali gawo la SMART Vocabulary losonyeza mawu ena a gulu lomwelo. Mukatsegula akaunti yaulere mutha kusunga mawu anu pamndandanda. Zotsatsa malonda ndi zambiri ndithu, ndipo pa foni zimatopetsa. Chichewa mulibe, choncho tanthauzo muliwerenga m'Chingerezi chosavuta.

Chofooka chachikulu n'chakuti ili si buku la malamulo. Likuuzani kuti guardian ndi woyang'anira mwana, koma mphamvu zimene khoti limam'patsa zimasiyana dziko ndi dziko, ndipo zimenezo mufunse loya. Zimene pangano la mayiko la Hague la 1993 limafuna mwana akamatengedwa ndi makolo a kudziko lina simuzipezamo. Silikuchenjezaninso mokwanira za mawu opweteka. Kunena kuti real mother n'kolondola pa galamala, komabe amene amagwira ntchito ndi mabanja otere amawapewa, chifukwa amamveka ngati mayi amene analera mwanayo si mayi weniweni. Polemba kalata, birth mother ndi amene sakhumudwitsa mbali iliyonse.