Maphunziro a Chichewa a pa WhatsApp omwe ndikulipirira mwana wanga

Ndakhala ndikusoka zovala ku Johannesburg kuno kwa zaka 14, ndipo mwana wanga wachisamba anabadwira konkuno. Ali ndi zaka 11. Chizulu amayankhula ngati mwini wake, Chingerezi ndi cha kusukulu, koma Chichewa chake chinali cha pamkeka wa nsima basi: "ndipatseni", "ndakhuta", "sindikufuna". Chomwe chinandilasa mtima chinachitika Lamulungu lina agogo ake a ku Dedza atamupempha kuti awawerengere ndime ya m'Baibulo pafoni. Mwana sanalakwitse chilembo ngakhale chimodzi. Atamaliza, mayi anga anakhala chete kaye, kenako anandifunsa kuti, "Kodi mdzukulu wangayu amawerenga chiyankhulo chanji?"

Mayi wina wa kumpingo kwathu ndiye anandipatsa nambala ya aphunzitsi ena opuma pantchito a ku Ntcheu, mayi wachikulire yemwe anakalambira pabolodi ku pulayimale. Amaphunzitsa ana a Amalawi okhala kunja kudzera pa WhatsApp. Ife timakumana nawo kawiri pa sabata, Lachiwiri madzulo ndi Loweruka m'mawa, ndipo pakati pa masiku amenewa amatumiza mauthenga a mawu oti mwana amvere ndi kuyankha. Ndimalipira pamwezi potumiza ndalama pafoni yawo. Mwayi wake ndi woti nthawi ya ku South Africa ndi ya kumudzi ndi imodzimodzi, choncho palibe zowerengetsa maola. Tsopano tatha miyezi 7, ndipo ndikuona kuti ndingathe kunena zomwe ndaona.

Phunziro loyamba linandidabwitsa. Ine ndinkayembekezera a, e, i, o, u, kapena mayina a ziweto. Iwo anatumiza chithunzi cha kabolodi kolembedwa liwu limodzi lokha ndi choko: mtengo. Anauza mwana kuti aliwerenge mokweza. Atawerenga anamufunsa kuti, "Iwe mwana, ukunena uti? Wa mango kapena wa tomato?" Mwana anandiyang'ana ine. Kenako kunabwera mauthenga awiri a mawu. Woyamba anaujambula ali pabwalo pawo, nkhuku zikumveka kumbuyo, akuti, "Mtengo uwu unabzalidwa ndi malemu amuna anga." Wachiwiri anaujambula ali pamsika, phokoso la minibasi lili tsetsetse, akuti, "Mtengo wa tomato lero sindiukwanitsa." Anamuuza kuti amvere kakhumi asanayankhe. Mtengo wa nthambi ndi masamba mawu amakwera pa "te", pomwe mtengo wa pamsika mawu amangoyenda pansi osakwera paliponse. Papepala ndi liwu limodzi, m'khutu ndi mawu awiri.

Ine ndinabadwira m'Chichewa, ndinachiphunzira mpaka Fomu 2, koma palibe anandiuzapo zimenezi mwachindunji. Pakamwa panga pamadziwa kusiyanitsa, mutu wanga sunkadziwa kuti pali chosiyanitsa. Nchifukwa chake ndinalephera kumuthandiza mwana wanga zaka zonsezi. Ndinkamugulira mabuku ndikapita kumudzi, iye nkumawerenga mawu onse mofanana ngati akuyenda pamsewu wa tala, ine nkumangomva kuti china chake sichili bwino koma osachigwira.

Mayi aphunzitsiwa ali ndi mawu ambirimbiri a mtunduwu ndipo sawapereka onse nthawi imodzi. Sabata ina ndi khungu, la pathupi ndi la munthu wosaona. Ina ndi chikuku, nthenda ya ana ija ndi chikuku chokankhira mwana wakhanda kapena munthu wolumala. Koma pomwe ndinaona kuti ndalama yanga ikugwira ntchito ndi pamene anafika pa aneni. Analemba kuti "ndimathandiza amayi" nkumufunsa mwana ngati wolembayo akuthandizabe amayi ake kapena anasiya. Yankho lake nloti papepala sungadziwe. Ukakweza mawu pa "ndi" ndi pa "ndi" wachiwiri wa kumapetoyo, ukunena zomwe umachita masiku onse. Ukayamba pansi nkukweza pa "tha", ukunena zomwe unkachita nthawi ina yapitayo. Mwana anatha masabata atatu pa chinthu chimodzi chomwechi, akujambula mawu ake, kutumiza, iwo nkumubwezera kuti, "Ayi mwana wanga, pamenepo wanena kuti unasiya kuwathandiza amayi ako. Bwereza." Sanatope naye. Ndikaganiza kuleza mtima kumeneko ndi ndalama yomwe ndimapereka, ndimaona kuti ndikuwabera.

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake sitilemba zizindikiro zosonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu. Anandifotokozera kuti kuyambira pomwe Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, ndi pomwe bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972 nkutulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, omwe anakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990, kalembedwe kathu sikaika zizindikiro zimenezi. Mwini chiyankhulo amazindikira tanthauzo poona mawu oyandikana nalo. Ntchito ya bungwe lija inapita ku likulu lofufuza za ziyankhulo la Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996, ndipo mpaka lero nyuzipepala ndi mabuku a sukulu salemba mamvekedwe. Kwa mwana wa ku Ntcheu palibe vuto, poti khutu lake linadzaza kale asanagwire pensulo. Vuto lili kwa ana athu okulira kunja, omwe amakumana ndi liwu papepala asanalimve m'kamwa mwa munthu.

Gawo lina la maphunziro awo ndi la mawu omwe ife akuluakulu timasokoneza tokha polemba, ndipo apa ine ndimakhala pambali ndi kope langa. Nkhodolero, kachizindikiro kakang'ono ka pamwamba kaja ('), amakatenga ngati nkhani ya moyo ndi imfa. M'bale ndi munthu wa magazi ako, mbale ndi yodyeramo nsima. Ng'oma ndi ya gule, ngoma ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana. M'mawa ndi kukacha, mawa ndi tsiku lotsatira lero. Ili lomalizali linandigwirapo ine mwini. Chaka chatha mlamu wanga ananditumizira nsalu za zitenje pa basi, ndipo yemwe anazinyamula analemba uthenga usiku kuti afika "mawa". Ine ndinati ndipita ku siteshoni ya mabasi ya Park Station masana ndikatseka ntchito ina. Iye amatanthauza m'mawa, ndipo anandidikira kuyambira 6 koloko mpaka anatopa nkupita ndi katundu wanga ku Pretoria komwe amakhala. Zitenjezo zinali za akwati, ndipo ndinasoka usiku wonse masiku awiri kuti ndipeze nthawi yomwe inatayika.

Za "zi" ndi "dzi" anaphunzitsa pogwiritsa ntchito ntchito yanga yomwe. Anamuuza mwana kuti, "Bambo ako akatenga nsalu ndi sizasi, timati azicheka. Sizasi ikaterereka nkuwalowa pachala, timati adzicheka." Kuchokera apo anamuonetsa kuti "uzipita kusukulu" ndiye kulemba kolondola pomuuza munthu zoyenera kuchita, osati "udzipita" monga ambiri timalembera pa Facebook. Mwana anagwira tsiku lomwelo, ndipo tsopano amandikonza ine ndikamalemba mauthenga kwa makasitomala.

Pali mawu enanso omwe iwo amati mamvekedwe sangakupulumutse, koma nzeru zako. Kumanga nyumba ndi kumanga mbava. Kulemba kalata ndi kulemba wantchito. Kuwerenga buku ndi kuwerenga ndalama.  Apa amangomupatsa mwana ziganizo kuti apeze yekha, ndipo sachedwapo.

Zosakoma ziliponso, ndipo yemwe akufuna kulembetsa mwana wake azidziwe. Choyamba ndi magetsi ndi netiweki. M'miyezi 7 imeneyi maphunziro asanu analephereka chifukwa foni yawo inazima kapena mawu amangodukaduka. Atatu anabweza tsiku lina, awiri anangopita. Phunziro la mamvekedwe a mawu likamadukaduka ndiye kuti palibe chomwe mwana akutola. Ine ndinafika powagulira pawabanki, ndipo zinthu zasinthako.

Chachiwiri, sapereka zolemba zoti mwana asunge. Zonse zili m'mauthenga a mawu ndi zithunzi za kabolodi, ndipo ukafuna kubwerera ku phunziro la mwezi wa Meyi uyenera kufufuza m'macheza ataliatali. Foni itatayika zonse zapita. Ndinawapempha kuti azitipatsa ndandanda ya mawu pakutha pa mwezi, anavomera, koma mpaka pano sinabwere.

Chachitatu ndi chomwe chimandivuta kwambiri. Mayiwa ndi a nthawi ya pulogalamu ya pa wailesi ya Tiphunzitsane Chichewa, ndipo kwa iwo Chichewa cholondola ndi chimodzi. Amalembabe ŵ mu Malaŵi ndi maŵa, zomwe sindikutsutsa, koma amafuna mwana azitchula momwemo pomwe ngakhale kumudzi achinyamata ambiri anasiya. Mkazi wanga kwawo ndi ku Mulanje, ndipo mwana akatchula liwu momwe amamvera kwa mayi ake, nthawi zina amauzidwa kuti walakwa. Tsiku lina mwana anafunsa mayi ake ngati iwo amayankhula Chichewa cholakwika, ndipo m'nyumba munali zii. Ndinawaimbira aphunzitsi ndekha nkuwapempha mwaulemu kuti akapeza zotere azinena kuti kwina amatero, kusukulu timalemba chonchi. Anandimvera, ngakhale ndinamva m'mawu awo kuti sanakhutire kwenikweni.

Kwa kholo lomwe mwana wake sadziwa ndi moni yemwe, maphunzirowa angakhale olemera poyambira. Akuyenera mwana yemwe amamva Chichewa pakhomo, amatha kuwerenga, koma pakamwa pake sipanakhazikike. Pafunikanso kholo lokhala naye pafupi, chifukwa mauthenga aja amafuna kumvera mobwerezabwereza ndipo mwana payekha amathamangira kumaliza.

Loweruka lapitali anamupatsa liwu loti kukongola, nkumuuza kuti akafunse agogo ake matanthauzo ake awiri. Anaimba foni ku Dedza madzulo ake. Ndinali pamakina ndikumaliza kolala ya shati, ndipo ndinamva mayi anga akuseka kwinaku akumuuza za mtsikana wokongola yemwe anakongola ndalama kwa wogulitsa usipa. Anacheza mphindi 40 osandiitana kuti ndimasulire kalikonse. Ndalama ya mwezi wamawa ndatumiza kale dzulo.