Gulu losamalira odwala kunyumba: anamwino abwino, koma kalata ya dokotala inatichedwetsa

Bambo anga anakhala miyezi 7 kuchokera tsiku limene dokotala anatiuza kuti khansa yawo ya chiwindi siingachizikenso. Miyezi 5 yomaliza tinkathandizidwa ndi gulu lina losamalira odwala otere kunyumba kwawo. Ndikufuna kunena mmene anatithandizira, makamaka pa nkhani ya ndalama, chifukwa mbali imeneyi palibe amene anandichenjeza.

Za anamwino sinditalikitsa. Ankabwera kawiri pa sabata, ndipo foni ankayankha ngakhale pakati pa usiku. Anandiphunzitsa kuwapatsa bambo morphine wamadzi maola 4 alionse osadikira kuti ululu uyambe kaye, limodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba chifukwa morphine amadzimbitsa. Anandisonyezanso mmene ndingawatembenuzire kuti asachite zilonda pamsana. Pamenepa ndilibe dandaulo lililonse.

Amene sindidzawaiwala ndi mayi wina wa gululi, woona za chisamaliro cha mabanja. Anabwera sabata yachiwiri. Atalowa kuchipinda kukawapatsa moni bambo, anatuluka n'kudzakhala nane patebulo. Anandiyang'ana kaye, kenako anati, "Achemwali, ntchito munasiya liti?" Misozi inangoyamba yokha. Achibale onse ankafunsa za odwala, ndipo n'zoyenera, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsapo kuti matewera a akulu, magolovesi, sopo ndi ndalama yoyendera kuchipatala zikuchokera kuti. Ndinali nditatha miyezi iwiri patchuthi chosalipidwa, ngongole ndili nazo ziwiri, ndipo ndinkabisa.

Mayiwo anatulutsa kabuku n'kulemba mzere pakati pa tsamba. Mbali imodzi zolowa, mbali inayo zotuluka. Tinawerengera chilichonse, mpaka magetsi amene ankayaka usiku wonse. Kenako anayamba kufufuta zimene gulu lawo likanatha kutichotsera. Bedi lokweza ndi kutsitsa, matiresi oteteza zilonda, njinga ya olumala ndi mpando wodzithandizirapo anatibwereka kwaulere. Analemba kalata yopita kwa abwana anga kuti ntchito yanga isungidwe. Anatilembetsa ku kathumba kawo kothandiza pa mayendedwe, ndipo usiku umodzi pa sabata ankatumiza munthu wodzawadikirira bambo kuti ine ndigoneko.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti bambo nawonso nkhaniyi inkawadya mumtima. Madzulo alionse ankandifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, zatsala zingati?" Ine ndinkangoti zilipo. Mayi aja anandilimbikitsa kuti ndiwasonyeze kabukuko. Bambo anavala magalasi awo, manja akunjenjemera, n'kuwerenga mzere uliwonse akuloza ndi chala. Atafika pa mizere yofufutidwa ija anapumira m'mwamba, ndipo usiku umenewo anagona osandiitana. Pambuyo pake ndinamva za Cicely Saunders, amene anayambitsa St Christopher's Hospice, malo osamalira odwala amene atsala pang'ono kumwalira, ku London mu 1967. Iye anagwirapo ntchito ya unamwino, kenako yoona za chisamaliro cha anthu, asanakhale dokotala, ndipo ankaphunzitsa kuti ululu wa munthu amene watsala pang'ono kumwalira sukhala wa m'thupi mokha. Nkhawa za banja, za mumtima ndi zauzimu zimapwetekanso. Ine ndinazionera patebulo langa.

Tsopano pamene panandiwawa. Thandizo la ndalama lochokera kuboma linkafuna kalata ya dokotala yonena mosabisa kuti matendawa ndi osachizika ndipo nthawi yatsala pang'ono. Mafomu tinadzaza tsiku limodzi, koma kalatayo inatenga pafupifupi miyezi iwiri. Dokotala ankazengereza kulemba mawu amenewo, mwina poopa kutikhumudwitsa, ndipo a gululi ankangoti akumbutsa. Anali ndi mabanja ambiri, ndikudziwa, ndipo mayi aja anali okha pa ntchito imeneyi. Komabe iwo ndi amene ankadziwa kuti popanda pepala limenelo palibe chingayende. Akanandiuza tsiku loyamba kuti ndipite ndekha kukaipempha, ndikanapita. Ndalama zoyamba zinafika kutatsala masabata atatu kuti bambo atisiye.

Ngati muli pa ulendo umenewu, pemphani kalatayo mwamsanga, ngakhale mtima ukukana kumva mawuwo. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma kawirikawiri khomo lake ndi kalata ya achipatala. Ku England, munthu amene madokotala akuona kuti mwina sadutsa miyezi 12 amamufulumizitsira thandizo kudzera pa fomu yotchedwa SR1. Ku Canada, wogwira ntchito amene wapuma kuti asamalire m'bale wake amene watsala pang'ono kumwalira angathe kulandira ndalama mpaka masabata 26. Funsani za kwanuko, ndipo funsani mobwerezabwereza.

China chimene chinandikhudza n'chakuti pafupifupi thandizo lonse linathera pa tsiku la imfa. Bedi anadzatenga patapita masiku atatu, ine ndisanachotsepo ngakhale nsalu. Ndikumvetsa kuti wodwala wina ankalidikira, koma akanayamba aimba foni. Ndalama nazo zinaima pomwepo, pamene za maliro zinali zitangoyamba kumene. Ku England, Carer's Allowance, ndalama imene boma limapatsa wosamalira wodwala, imatha kupitirira mpaka masabata 8 wodwala atamwalira. Amene anakonza lamulo limenelo ankadziwa kuti wosamalira wodwala sadzuka mawa lake n'kubwerera kuntchito.

Ngakhale zinali choncho, gulu limeneli ndikhoza kulitumizira m'bale wanga aliyense popanda kukayika. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 56.8 miliyoni chaka chilichonse amafunika chisamaliro chotere, koma amene amachipeza ndi 14 okha pa 100 alionse. Bambo anga anali m'gulu la ochepawo, ndipo anamwalira pabedi m'nyumba mwawo, opanda ululu, ine nditawagwira dzanja.

Patapita mwezi umodzi mayi aja anandiimbira foni. Anandifunsa ngati ndikugona bwino, kenako anafunsa za ngongole ziwiri zija. Tinapangana tsiku, ndipo anabwera kudzandithandiza kulemba kalata yopempha kuti ndizibweza pang'onopang'ono.