Raketi yamatabwa ya Dunlop Maxply Fort itadutsa chilimwe ndi dzinja ku Tete

Raketi iyi, ya mtundu umene John McEnroe anapambana nawo mpikisano wa tenesi wa Wimbledon mu 1981, inalukidwa zingwe zatsopano kutentha kusanayambe, ndipo yaseweredwa pa mabwalo asimenti mumzinda wa Tete ndi ku Ulongwe, m'boma la Angonia, mpaka mvula kusiya. Ikadali yowongoka, koma chifukwa cha kalukidwe ndi kasungidwe basi.

Inalukidwa ndi nayiloni ya mamilimita 1.30, yokokedwa makilogalamu 21. Zingwe zoimirira ndi 18, zopingasa 20, ndipo paketi imodzi ya mamita 12 imakwana n'kutsalako. Poliyesita ayi: ndi youma, imadya thabwa m'mabowo, ndipo kugunda konse kumathera m'chigongono. Kupitirira makilogalamu 24 pa thabwa la zaka zoposa 40 n'kuputa mng'alu paphewa la raketi.

Mabowo ake alibe timapaipi tapulasitiki monga maraketi amakono. Chingwe chimagona m'tingalande tosemedwa kunja kwa mutu, ndipo apa ndi pamene pavuta. Simenti imapala nsonga ya mutu mukamatola mipira yotsika, tingalande timaphwa, chingwe n'kutulukira kunja. Chikatero chimadukira m'mbali, pakati chikadali chabwinobwino. Tepi yoteteza mutu yathetsa vutoli. Polukanso, bowo lililonse lakuthwa lisalazidwe, chingwe chipakidwe kandulo, ndipo pakhosi, pomwe chingwe chimakhota kwambiri, paikidwe tizidutswa tachikopa. Tachikopa takale timafumbutuka, musatibwezerepo.

Nyengo ndiye mdani wamkulu. Mu Okutobala ndi Novembala mumzinda wa Tete kumatentha kupitirira madigiri 40, guluu wogwira timatabwa ta mutu amauma, ndipo nayiloni imakhwefuka msanga. Raketi yosiyidwa m'galimoto masana itha kulekana timatabwa. Ku Angonia vuto ndi chinyontho cha dzinja, chimene chimalowa pomwe vanishi wasupuka n'kupinda mutu. Pamalo oterewa pitanipo ndi sandipepa wosalala, pakani vanishi mopyapyala kawiri. Mukatha kusewera, raketi ilowe m'chopanira chake choteteza mutu kuti usapindike, cha mabawuti anayi omangidwa mofanana. Chingwe chimodzi chikaduka, dulani zonse tsiku lomwelo, kuyambira pakati kupita m'mbali, apo ayi mutu umakokedwa mbali imodzi.

Pabwalo ndi yolemera, pafupifupi magalamu 380, ndipo mutu ndi waung'ono kwambiri poyerekeza ndi amakono. Mpira womenyedwa pakati umapita molunjika ndi motsika, ndipo kuudula chapansi kapena kuulandira pa neti kumakoma kuposa pa raketi yopepuka. Wophonya pakati amamva dzanzi m'dzanja, mpira n'kugwera pa neti. Wozolowera kuzunguza mpira ndi dzanja lokha adzatopa seti (chigawo cha masewero) yoyamba isanathe, ndipo si raketi yopatsa mwana wongoyamba kumene.

Chikopa cha pachigwiriro chimaterera ndi thukuta la ku Tete. Kuzengapo tepi yopyapyala pamwamba kwakwanira, ngakhale kumakulitsa chigwiriro pang'ono.